Timu ndi yathu, nanga buku la ndalama ndi la yani?

Pamsika uliwonse wodziwika m'dziko muno pali zinthu zitatu zomwe sizisowa: chigayo, depoti ya maminibasi ndi timu ya mpira wamiyendo. Chigayo mwini wake amadziwika. Minibasi iliyonse ili ndi dzina la mwini pamapepala. Koma tafunsani kuti timu ija mwini wake ndani, mumva mayankho atatu kapena anayi, ndipo mukapitiriza kufunsa ena ayamba kukuyang'anani ndi diso lofiira.

Ikapambana, timu ndi ya tonse. Amayi a zitumbuwa, anyamata a kabaza, aphunzitsi, ngakhale abusa amene sabata yathayo amadzudzula mpira paguwa, onse amati "tawaswa". Ikagonja katatu motsatizana, timu ndi ya komiti. Ikafuna ndalama ya lole yopitira kukasewera kutali, timu ndi ya abwana aja a golosale yaikulu. Tsiku lomwe mnyamata wathyoka mwendo pabwalo, timu ilibe mwini.

Ine ndine sapota wa timu yotereyi. Ndidayamba kuichemerera ndili kupulaimale, ndipo mpaka lero ndikapeza mpata ndimakwera minibasi kukaionera. Sinditchula dzina lake chifukwa matenda ake si a iyo yokha. Aliyense amene amatsatira maligi a m'zigawo, kaya ndi ya kummwera, pakati kapena kumpoto, aizindikira timuyi ngati yakwawo.

Kayendetsedwe kake n'kotere. Komiti idasankhidwa kalekale pansi pa mtengo wa mango, ndipo mwa anthu khumi amene adasankhidwa tsikulo, atatu adasamuka, mmodzi adatisiya, awiri adangoleka kubwera. Otsalawo adalowetsa anzawo m'mipando yopanda anthuyo osafunsa aliyense. Malamulo oyendetsera timu akuti adalembedwa, koma pepala lake lidapita ndi mlembi woyamba pomwe ankamusamutsa kuntchito. Msungichuma ndi mlamu wake wa wapampando. Akaunti ya kubanki palibe. Ndalama ya timu imagona m'thumba la munthu, kapena m'foni mwake, pamodzi ndi ndalama yake ya ndiwo.

Sindikunena kuti anthuwa ndi mbava. Ambiri a iwo ataya zambiri pa timuyi kuposa zomwe apezapo, ndipo ena akazi awo adatopa n'kudandaula. Vuto ndi lakuti palibe njira yodziwira amene ali wokhulupirika ndi amene akudya. Pamene palibe buku, wachilungamo ndi wakuba amaoneka chimodzimodzi, ndipo onse amanenedwa miseche yofanana kumalo omwera tiyi.

Taonani zomwe zimachitika tsiku la masewero. Bwalo ndi la sukulu kapena la khonsolo. Ngati lili ndi mpanda, pachipata pamaima anyamata anayi amene palibe akudziwa kuti adawaika ndani. Matikiti palibe, kapena alipo koma tikiti imodzi imagulitsidwa katatu. Ngati bwalo lilibe mpanda, chipewa chimayenda pakati pa anthu nthawi yopumulira. Tingoyerekeza kuti alowa anthu 600 ndipo aliyense wapereka K500. Imeneyo ndi K300 000. Pamenepo achotsepo ya oimbira, ya apolisi, ya eni bwalo, ya laimu wolembera mizere ndi ya madzi a osewera. Yotsalayo ndi ingati? Funso limeneli silidayankhidwepo pagulu chiyambire. Timangomva kuti "sizidayende bwino pachipata", chonsecho tonse tidaona ndi maso athu kuti bwalo lidadzaza mpaka ana kukwera m'mitengo.

Kutchalitchi amalengeza chopereka cha sabata yatha mpaka ndalama zachitsulo. Pamaliro amawerenga dzina ndi dzina, wapereka ufa, wapereka nkhuku, wapereka K200. Ku timu kokha ndiye kufunsa za ndalama kumasanduka mwano.

Tsono pakhala pali munthu mmodzi amene amasenza timu yonse. Kwina ndi mwini malole, kwina wogula mbewu, kwina mwana wa pamudzi amene ali ku Johannesburg ndipo amatumiza kangachepe mwezi ukatha. Munthu ameneyu tiyenera kumupatsa ulemu wake, chifukwa popanda iye anyamata sakadafika n'komwe pabwalo la eni ake. Amagula majezi, amathira mafuta, amalipira chindapusa timu ikalakwa. Koma amene wagula mpira ndiye amasankhanso osewera. Kochi amalandira mndandanda pafoni Loweruka m'mawa, ndipo mphwake wa abwana, amene sathamanga mphindi makumi awiri osagwira m'chiuno, amayamba masewero. Kochi akatsutsa, Lolemba ntchito yatha. Ntchito yake yomwe n'kale lomwe sankalipidwa.

Choopsa chenicheni si chimenecho. Choopsa ndi tsiku lomwe bizinesi ya abwana yagwa, kapena akwiya chifukwa wina wawanyoza pabwalo, kapena Mulungu wawaitana. Timu imagona nawo limodzi.

Izi si za matimu ang'onoang'ono okha. Mu 2004 Bullets, ili m'manja mwa Bakili Muluzi ndipo ikutchedwa Bakili Bullets, idafika m'ndime ya magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa n'kumakumana ndi zimphona monga Enyimba ya ku Nigeria ndi Etoile du Sahel ya ku Tunisia. Thandizolo litatha, timu yomwe ili ndi masapota ochuluka chotere idakhala zaka ikuyenda ndi mbale yopemphetsa. Escom United idatenga ligi mu 2007 ndiponso mu 2011, koma lero simungaipeze pamndandanda wa matimu a ligi yaikulu. MDC United, yomwe akuluakulu athu amaikumbukira ndi chimwemwe, idapita ndi kampani yake. Ngati mikuyu ikuluikulu ngati imeneyi idagwedezeka mwini atachotsa dzanja, nanga kachitsamba ka pamsika pathu?

Bullets idadzapeza mpumulo italowa m'manja mwa kampani ya Nyasa Manufacturing n'kuyamba kuyendetsedwa ngati bizinesi, ndipo idatenga ligi kasanu motsatizana kuchokera mu 2018 mpaka 2023. Wanderers nayo idasanduka kampani mu 2021 motsogozedwa ndi Thomson Mpinganjira. Ena anena kuti amenewo ndi a ndalama, ife tifanana nawo bwanji? N'zoona, sitingafanane nawo pa kukula kwa thumba. Koma kulemba zolowa ndi zotuluka sikufuna mamiliyoni. Kumafuna kope la K1 000 ndi munthu wosaopa kuliwerenga mokweza.

Za andale ndingodutsapo, poti aliyense akuzidziwa. Chisankho chikayandikira, zikho zimamera ngati bowa. Majezi amabwera ndi nkhope ya munthu pachifuwa, mphotho imalengezedwa pa chimkuzamawu, ndipo nthawi zina theka la mphothoyo limathera pa chimkuzamawu pomwepo. Mavoti akawerengedwa, wopambana amapita ku Lilongwe, wogonja amazimitsa foni. Timu yomwe imadalira anthu otere imadya kamodzi pa zaka zisanu.

Pali nkhani ina yomwe masapota a matimu ang'onoang'ono timaikonda. Blue Eagles idatuluka mu ligi yaikulu mu 2023, koma mu 2024, ikusewera mu ligi ya chigawo chapakati, idatenga chikho cha FDH itagonjetsa Bullets pamapenote mu ndime yomaliza. Timaikamba ngati umboni wakuti wamng'ono angathe kugwetsa wamkulu. Koma tisadzinamize. Eagles ndi timu ya apolisi. Anyamata ake adatsika ligi koma sadatsike pa malipiro. Ankadziwa kuti mwezi ukatha alandira, galimoto yopitira kumasewero ilipo, akavulala aonedwa ndi dokotala. Mu ligi yomweyo munali matimu omwe osewera ake adafika pabwalo ataima kumbuyo kwa lole, m'mimba muli chinangwa cha m'mawa. Kusiyana kwake sikudali kwa luso lokha.

Apa ndiye pamandiwawa kwambiri, pa anyamatawa.

Mnyamata wa zaka 19 amachita zokonzekera masiku anayi pa sabata, dzuwa lili pamutu. Pangano lolembedwa alibe. Adangouzidwa pakamwa kuti "tizikuonani ya sopo". Timu ikapambana amalandira kangachepe, ikagonja amauzidwa kuti sadalimbikire. Ndiye tikamva kuti Lachitatu adakasewera ganyu kumudzi wina pa chikho cha mbuzi, timamutcha wosakhulupirika. Adye chiyani? Ena asiya sukulu ali Fomu 3 chifukwa akuluakulu a timu adawalonjeza kuti matimu a m'tauni akubwera kudzawaona. Chaka chimatha, china chimatha, mnyamata wafika zaka 26, satifiketi alibe, luso la manja alibe, bondo lidatupa.

Kwathu kudali goloboyi wina amene adathyoka mkono akuteteza golo lathu pa masewero omwe tidapambana. Tsikulo tidamunyamula m'mwamba. Kuchipatala adapita pa kabaza yomwe adalipira mayi ake, ndipo miyezi yomwe adakhala pakhomo palibe wa komiti amene adapondako. Atachira adapita kukagwira ntchito kumunda wa fodya. Makolo a pamsika pathu adaona zimenezo, ndipo ena mpaka lero salola ana awo kuyandikira timuyi. Ndingawadzudzule bwanji?

Mnyamata akachita mwayi n'kuonedwa ndi timu yaikulu, nkhani imathera m'chipinda cha kuseri kwa sitolo. Timangomva kuti wapita. Mtengo wake ndi mipira isanu ndi majezi akale omwe eni ake adatopa nawo, kapena envulopu yomwe kulemera kwake akudziwa ndi anthu awiri.

Chonsecho osewera a kumidzi ndiwo chuma chenicheni cha mpira wathu. Gabadinho Mhango, amene adamwetsa zigoli 16 ku Orlando Pirates mu ligi ya South Africa ya 2019/20 ndiponso adamwetsa Morocco chigoli chija chapatali mu Januwale 2022, kwawo ndi ku Chiweta m'boma la Rumphi. Tabitha Chawinga, amene wasewerapo ku Sweden, China, Italy ndi France, ndi mng'ono wake Temwa, amene adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, nawonso ndi ana a ku Rumphi. Anthuwa sadagwe kumwamba. Adayambira pamabwalo a fumbi ngati lathuli.

Ndipo malamulo a FIFA amakumbukira matimu olera ana. Wosewera akagulitsidwa kuchoka ku timu ya dziko lina kupita ku ya dziko linanso, K5 pa K100 iliyonse ya mtengo wake imayenera kugawidwa kwa matimu omwe adamulera kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Kuyambira mu 2022 FIFA idatsegula ofesi yapadera yoona kuti ndalama zotere zikufika kwa eni ake. Koma ofesiyo siifunsa mfumu ya m'mudzi kuti mwanayu ankasewera kuti. Imayang'ana m'kaundula. Ngati timu sidamulembetse mwanayo ku bungwe la mpira m'dzina lake, ngati timuyo ilibe akaunti ya kubanki, ndalamayo idzadutsa pamwamba ngati ndege. Mlembi amene amaona kulembetsa osewera ngati chintchito chotopetsa akhoza kukhala akutayitsa timu ndalama yomwe chipata sichingatolere zaka khumi.

Tsono pali loto lathu lalikulu, lokwera ligi. Chaka chilichonse timaimba kuti chaka chino tikulowa. Koma alipo pakomiti amene adakhalapo pansi n'kuwerengera kuti tikalowa tidzadya chiyani? Mu ligi ya matimu 16, timu imayenda maulendo 15 pa chaka. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Karonga ndi makilomita oposa 800. Pamenepo pafunika basi, malo ogona anthu pafupifupi makumi atatu ndi chakudya cha masiku atatu. FAM imafunanso kuti timu ikhale ndi laisensi, kutanthauza mapangano olembedwa a osewera, kochi wa mapepala, mabuku a ndalama ndi bwalo lovomerezeka. Chitipa United idakhala ikusewerera masewero ake a pakhomo ku Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchoka kwa masapota ake, chifukwa cha nkhani ya bwalo yomweyi. Mu 2025 FAM idayambitsa ligi ina ya dziko lonse, yothandizidwa ndi NBS Bank, yokhala pakati pa maligi a m'zigawo ndi ligi yaikulu. Ndi ganizo labwino chifukwa timu imayamba yaphunzira kuyenda isanathamange, koma maulendo ake ndi omwewo a dziko lonse. Onjezanipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komwe kudakweza mtengo wa chilichonse kuyambira mpira mpaka matayala. Walira mvula walira matope. Matimu angati tawaona akukwera ndi ng'oma chaka chino n'kutsika chaka chamawa ali ndi ngongole mpaka m'khosi, ena osamaliza n'komwe masewero awo?

Ndisanamalize kuloza chala komiti, nafenso masapota tili ndi mlandu. Ndife amene timadumpha mpanda kapena kunena pachipata kuti "ine ndi wa timu", ngati kuti wa timu ndiye sayenera kulipira. Munthu yemweyo amene wakana K500 pachipata amakagula mowa wa K5 000 pokondwerera chigoli. Ndife amene timathamangitsa woimbira mpaka m'munda wa chimanga, timu n'kulipitsidwa chindapusa kapena kulandidwa mapointi. Ndife amene timaumiriza komiti kuti ipite kwa sing'anga masewero akakula, ndipo ndalama yomwe ikadagula mabandeji ndi nsapato imathera pa nkhuku yakuda ndi kukwirira zinthu pagolo usiku. Anzathu a timu inayo nawonso apita kwa sing'anga wawo, mwinanso yemweyo. Wopambana ndi sing'anga.

Nanga tichite chiyani? Yankho lili pamsika pomwepa, kwa amayi athu a banki m'khonde. Amayiwa ambiri sadapite patali ndi sukulu, koma taonani momwe amasungira ndalama. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Ndalama imawerengedwa pamphasa aliyense akuona. Wochedwa amalipa, wosabweza ngongole amadziwika, chaka chikatha amagawana popanda kuitana apolisi. Ngati gulu la amayi makumi awiri lingathe kusunga mamiliyoni mwa njira imeneyi, abambo a mataye a m'komiti ya timu akulephera chiyani?

Timu ikhale ndi mamembala enieni, olembedwa maina, olipira kangachepe pamwezi ndipo ali ndi khadi. Tiyerekezenso: anthu 400 akamapereka K1 000 pamwezi, ndi K400 000 mwezi uliwonse, K4.8 miliyoni pa chaka, ndalama yomwe siidalira kuti abwana adzuka bwanji. Wosowa ndalama apereke ndowa ya chimanga kapena soya nthawi yokolola, timu igulitse kapena idyetse anyamata pokonzekera masewero. Masiku ano pali Airtel Money ndi Mpamba, ndiye ngakhale ana a pamudzi amene ali ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena kunja angathe kupereka, bola nambalayo ikhale ya timu, osati ya mlamu wa wapampando. Ambiri a iwo amafuna kuthandiza. Chimawaletsa n'chakuti adatumizapo kamodzi ndipo sadamve kuti ndalamayo idagwira ntchito yanji.

Amene walipira ndiye akhale ndi voti. Kamodzi pa chaka, ligi isanayambe, pakhale msonkhano waukulu pomwe msungichuma aziwerenga zolowa ndi zotuluka, ndipo mipando izisankhidwa pa nthawi yoikika. Masewero aliwonse a pakhomo akatha, ndalama ya pachipata iwerengedwe pamaso pa anthu atatu, mmodzi wa komiti, mmodzi wa masapota, mmodzi wa osewera, ndipo chiwerengerocho chimatidwe pachitseko cha sitolo kapena chitumizidwe pa WhatsApp dzuwa lisanalowe. Pa ndalama iliyonse yolowa, kagawo kena kapatulidwe ka wovulala. Wosewera aliyense asaine pepala, ngakhale lonena kuti azilandira ya sopo yokha, ndipo amene ali pasukulu asaloledwe kuphonya mayeso chifukwa cha masewero.

Ndikudziwa chomwe ena anene. Ati mukayamba kufunsa mabuku abwana akwiya n'kusiya timu, ndiye mudzaona polekera. Mantha amenewa ndi enieni ndipo sindikuwapeputsa. Koma taganizani bwino. Munthu amene akuthiradi ndalama zake mu timu, buku limamuteteza. Lero amanenedwa kuti akudya za pachipata pomwe mwina ndiye akuonjezera za m'thumba mwake sabata iliyonse. Buku likawerengedwa, anthu adzadziwa kukula kwa mtolo womwe wasenza ndipo adzachita manyazi kuulekerera. Apatsidwe ulemu wake, dzina la sitolo yake lilembedwe pajezi, akhale pampando wapamwamba. Chomwe asapatsidwe ndi mphamvu yotseka timu tsiku lomwe wakhumudwa. Amene angakwiye ndi buku ndi yekhayo amene buku lingamuulule.

Komanso kampani iliyonse yomwe tingaipemphe thandizo, kaya ndi yogula mbewu, yogulitsa fetereza kapena banki yomwe ili ndi nthambi paboma, funso lake loyamba lidzakhala lakuti akaunti yanu ili kuti ndipo amasainira ndani. Makalata opempha thandizo omwe matimu athu amalemba chaka ndi chaka amathera m'dengu la zinyalala pa chifukwa chimenechi. Palibe bwana wa kampani amene angatumize cheke m'dzina la munthu wamba n'kukafotokoza bwino kwa mabwana ake.

Mabungwe oyendetsa mpira m'zigawo nawo asamangolandira ndalama yolembetsera timu n'kutseka maso. Asanalandire timu mu ligi, aone malamulo ake, maina a komiti, tsiku lomwe idasankhidwa ndi kalata ya kubanki. Makhonsolo omwe ali ndi mabwalo, monga ku Balaka, Dedza, Kasungu, Mulanje ndi Rumphi, angathandizenso posindikiza matikiti a manambala kuti aliyense adziwe kuti alowa anthu angati.

Ligi ikubwerayi ine khadi langa ndidula, ndipo ndalama ya chaka chonse ndipereka tsiku lomwe a komiti adzalengeze deti la msonkhano waukulu. Pamsonkhanopo ndidzaimika dzanja kuti mpando wa msungichuma upite kwa mmodzi wa amayi a banki m'khonde, ndipo ndidzapempha kuti ndalama yoyamba kutuluka mu akaunti yatsopanoyo ikabwezere mayi a goloboyi uja ya kabaza.